Duwa la fodya lomwe lidapulumuka: mmene zomera za maluwa zidachulukira mitundu

Mukamayenda m'mwezi wa Febuluwale kuchoka pa Kasungu kulowera ku Mtunthama, minda ya fodya imakhala itabiriwira mbali zonse za msewu. Koma mukayang'anitsitsa muona kuti maluwa mulibe. Alimi amadula nsonga fodya akangofuna kuyamba maluwa, kuti chakudya chonse chipite ku masamba, poti ku Chinkhoma amagula masamba osati maluwa. Komabe m'mphepete mwa munda simulephera kupeza tsinde limodzi loiwalika, litatalika kuposa anzake, lili ndi maluwa apinki pamwamba.

Tsiku lina mtsikana wa Fomu 3 adabwera ndi duwa lotere m'kalasi, ife tili pakati pophunzira za kuwala. Adati, "Aphunzitsi, duwa ili lili ndi nsonga zisanu ngati la tomato ndi la nthula, kungoti ili ndi lalitali ngati lipenga. Kodi zomera zimenezi ndi pachibale?"

Yankho ndi lakuti eya. Fodya, tomato, nthula, tsabola, mabiringanya ndi mbatatesi ndi a banja limodzi lotchedwa Solanaceae, ndipo kalekale adali ndi kholo limodzi. Koma funso lake lidabala lina lalikulu: zidatheka bwanji kuti kholo limodzi libale zomera zosiyana chotere? Ine ndimaphunzitsa Fizikisi, koma muona kuti m'nkhaniyi kuwala ndi magetsi zili momwemo.

Mitundu 300,000 kuyerekeza ndi 1,000

Zomera zobereka njere zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la zomera zopanda maluwa, zomwe njere zake zimakhala pamtunda, monga paini wa ku Chikangawa ndi mkungudza wa pa Mulanje. Awa ndi ma gymnosperm. Gulu lachiwiri ndi la zomera zomwe zimachita maluwa, njere zake n'kukhala zotsekeredwa m'chipatso. Awa ndi ma angiosperm.

Ma gymnosperm ndiwo adayamba, koma lero alipo mitundu pafupifupi 1,000 yokha. Ma angiosperm adabwera mochedwa, koma alipo mitundu pafupifupi 300,000. Pa mitundu 10 iliyonse ya zomera zapamtunda, pafupifupi 9 ndi ya maluwa. Chimanga, mtedza, mango, mombo, msangu, udzu wofolera nyumba, ngakhale kaufiti yemwe amavutitsa m'munda wa chimanga, zonsezi ndi zomera za maluwa.

Nkhaniyi idamusowetsa tulo Charles Darwin. Iye ankaphunzitsa kuti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono, koma akayang'ana zotsalira za zomera zakale zomwe zidasanduka miyala, ma fossil aja, zomera za maluwa zinkaoneka ngati zidangotulukira mwadzidzidzi n'kuchuluka nthawi yomweyo. M'chaka cha 1879 adalembera kalata mnzake Joseph Hooker kudandaula kuti ichi ndi chinsinsi chomuzunza kwambiri.

Tiyeze nthawi ndi msewu wa M1

Tikamanena za mamiliyoni a zaka mutu umangozungulira, ndiye tiyeni tichite zomwe timachita mu Fizikisi: tipange sikelo. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Kasungu ndi makilomita pafupifupi 130. Tinene kuti kilomita imodzi ikuyimira zaka 1 miliyoni, ndipo pa Kasungu ndi lero.

Ma fossil akale kwambiri a mungu wa zomera za maluwa ali ndi zaka pafupifupi 130 miliyoni kapena kupitirira pang'ono. Ndiye kuti ulendo wa maluwa ukuyambira ku Lilongwe. Mutangoyenda makilomita asanu mukukumana ndi Archaefructus, kachomera ka m'madzi komwe fossil yake idapezeka ku Liaoning m'dziko la China, ka zaka pafupifupi 125 miliyoni. Nyengo imeneyi ndi yomwe Malawisaurus, dinosaur yemwe mafupa ake adafukulidwa ku Karonga, ankayenda m'dziko lathu lino. Iye sadaonepo munda wa maluwa monga tiwudziwira ife. Dziko lake lidali la ma fern ndi mitengo ya gulu la paini.

Mukamakwana makilomita 40, zomera za maluwa zafalikira kale pafupifupi padziko lonse. Pakati pa Mponela ndi Madisi, zaka 66 miliyoni zapitazo, ma dinosaur akutha, koma maluwa akupitirira. Fodya yemwe timalimayu akutulukira mutatsala ndi mamita 200 okha kuti mufike pa Kasungu. Ulimi wonse wa anthu ndi mamita 10 omaliza. Nanga inu wa zaka 16? Moyo wanu wonse ndi masentimita 1.6, kufupika kuposa chala chaching'ono.

Zomera zoyamba kumera pamtunda zidayamba zaka pafupifupi 470 miliyoni zapitazo. Pa sikelo yathuyi ndiye kuti mubwerere m'mbuyo mpaka kupitirira Blantyre. Mwaona tsono chomwe chinkamudabwitsa Darwin: maluwa ndi obwera kumene, koma ndiwo adalanda malo. Akatswiri oyeza DNA amati kholo la maluwa lidayamba kale kuposa momwe ma fossil akuonetsera, ndipo mkangano wa chaka chenicheni udakalipo. Koma pa zifukwa zomwe zidachulukitsa mitundu, zambiri zadziwika tsopano.

Duwa ndi chikwangwani cha malonda

Chomera sichiyenda. Kuti chibereke njere, mungu uyenera kuchoka ku mbali yachimuna ya duwa kukafika ku mbali yachikazi, ndipo zimakhala bwino kwambiri ukachokera ku chomera china cha mtundu womwewo. Paini amangouwaza mungu mumphepo, wambirimbiri, ndipo wochuluka umagwera pansi pachabe. Zili ngati kuponya makalata m'mwamba n'kumayembekeza kuti imodzi ikagwera pakhomo pa mwini wake.

Duwa limalemba ganyu. Limapereka timadzi totsekemera kwa njuchi, gulugufe, mbalame kapena mleme, ndipo wantchitoyo amanyamula mungu kukautula pa duwa lina. Mtundu, fungo ndi maonekedwe a duwa ndi chikwangwani choitanira kasitomala woyenera.

Apa ndi pomwe Fizikisi ikulowa. Maso athu amaona kuwala kwa wavelength ya pakati pa ma nanometer 400 ndi 700, kuyambira violet mpaka kufiira. Njuchi siiona bwino kufiira, koma imaona ultraviolet, yomwe ife sitiiona. Duwa la mpendadzuwa kwa ife ndi lachikasu basi. Kwa njuchi lili ndi mkombero wodera chapakati, chifukwa mbali imeneyo imameza ultraviolet, ndipo mkomberowo umailozera pomwe pali chakudya. Mbalame zimaona kufiira bwino lomwe, n'chifukwa chake maluwa ofiira a aloe amachezeredwa ndi timbalame ta milomo yaitali yopindika tija timati choso. Usiku mtundu ulibe ntchito kwenikweni. Maluwa a mlambe, omwe mudawaonapo ku Salima kapena ku Mangochi, ndi aakulu, oyera, amatseguka madzulo ndipo ali ndi fungo lamphamvu. Kasitomala wake wamkulu ndi mleme. Maluwa a mvunguti nawo amalendewera pansi pa nthambi n'kutseguka usiku, pomwe mleme ungafike mosavuta.

Magetsi aliponso. Mukukumbukira kukhutiza bolopeni m'tsitsi n'kutola nayo timapepala? Njuchi ikamauluka imatenga chaji ya positive, pomwe duwa, poti ndi lolumikizana ndi nthaka, limakhala la negative poyerekeza ndi njuchiyo. Ikayandikira, mungu umatha kudumpha kampata kakang'ono n'kumatirira pa ubweya wake. M'chaka cha 2013 akatswiri a ku University of Bristol adaonetsa kuti njuchi zazikulu zotchedwa bumblebee zimathanso kumva mphamvu ya magetsiyi pa duwa.

Mtundu umodzi umagawika bwanji pawiri?

Kunyamula mungu n'kwabwino, koma kukuchulukitsa bwanji mitundu? Tiyeni tiyerekeze, pang'onopang'ono.

Tinene kuti pali chomera china chomwe chimamera mbali zonse ziwiri za phiri. Monga ana a mayi mmodzi sakhala ofanana msinkhu, maluwa akenso safanana ndendende: ena ali ndi kapaipi kotalikirako, ena kofupikirako. Kuvuma kwa phiri kwachuluka agulugufe ausiku a malilime ataliatali. Kuzambwe kwachuluka njuchi za malilime aafupi.

Kuvuma, duwa la kapaipi kakatali limakakamiza gulugufe kulowetsa mutu wonse kuti afike pa timadzi, motero amapakika mungu wambiri. Zomera zotere zimabereka njere zambiri kuposa zinzake, ndipo ana ake amatengera kutalikako. Kuzambwe zinthu zikuyenda mosemphana: njuchi siifika pansi pa duwa lalitali, ndiye aafupi ndiwo akubereka kwambiri. Pakadutsa mibadwo masauzande, maluwa akuvuma atalika, ayera, akununkhira usiku. Akuzambwe afupika ndipo akutseguka masana. Tsopano ngakhale mutazibzala pamodzi, gulugufe apita kwake, njuchi kwake. Mungu wasiya kusakanikirana. Pomwe padali mtundu umodzi, pali iwiri.

Chonde gwirani mfundo iyi, chifukwa ambiri amaphonya pa mayeso a MSCE: palibe duwa lomwe lidaganiza zotalika. Kusiyana kudalipo kale pakati pa zomerazo, ndipo zomwe zidagwirizana ndi malo ake ndizo zidasiya ana ambiri. Natural selection ndi imeneyo basi.

Zimenezi si nthano. M'chaka cha 1862 Darwin adalandira duwa la orchid la ku Madagascar, Angraecum sesquipedale, lomwe kapaipi kake ka timadzi ndi kotalika pafupifupi masentimita 30, ngati rula yanu ya m'kalasi. Iye adanena kuti pachilumbapo payenera kukhala gulugufe wausiku wa lilime lotalika chomwecho. Gulugufeyo adadziwika m'chaka cha 1903, Darwin atamwalira kale, ndipo anthu adadzamuona akuyamwa pa duwalo m'chaka cha 1992.

Chitsanzo china chili pafupi, pa mkuyu wa kudambo. Mudaonapo duwa la mkuyu? Simungalione, chifukwa nkhuyu yomwe timadyayo ndi kathumba komwe maluwa mazanamazana ali mkati mwake. Tizilombo tomwe mumapeza mukang'amba nkhuyu, tambiri mwa ito ndi timavu ting'onoting'ono. Kamavu kakakazi kamalowa pa kabowo ka kunsonga, kamapaka mungu pa maluwa n'kuikira mazira. Ana akaswa, aamuna amaboola njira, aakazi n'kutuluka atanyamula mungu kukasaka nkhuyu ina. Padziko pali mitundu ya mikuyu yoposa 750, kachere ali m'gulu lomweli, ndipo yambiri ili ndi timavu takechake. Mtengo ndi kamavu zidakhala zikugawikira limodzi.

Fodya adadzera njira yachidule

Tibwerere ku duwa la mtsikana uja. Dzina la sayansi la fodya ndi Nicotiana tabacum, potengera Jean Nicot, kazembe wa dziko la France ku Portugal yemwe adatumiza fodya kwawo cha m'ma 1560. Kwawo kwenikweni kwa fodya ndi ku South America, ndipo m'gulu la Nicotiana muli mitundu yoposa 70.

Fodya wathuyu sadadikire mibadwo masauzande kuti akhale mtundu watsopano. Cha kumapiri a Andes, dera la Bolivia ndi kumpoto kwa Argentina, kuli mitundu iwiri ya fodya wam'tchire. Nicotiana sylvestris ali ndi maluwa oyera, ataliatali, onunkhira usiku. Nicotiana tomentosiformis ali ndi maluwa aafupi ofiirira. Zaka pafupifupi 200,000 zapitazo makolo a mitundu iwiriyi adakwatirana, mungu wa tomentosiformis utagwera pa duwa la sylvestris.

Tiwerengere limodzi. Kholo lililonse lili ndi ma chromosome 24, kutanthauza mapeya 12. Mungu umanyamula theka, 12, ndipo dzira la m'duwa limanyamulanso 12. Mwana wobadwayo ali ndi 24, koma vuto ndi ili: 12 a bambo safanana ndi 12 a mayi. Pa nthawi ya meiosis chromosome iliyonse imafuna mnzake wofanana naye, ndiye apa zili ngati muli ndi nsapato 24 koma palibe ziwiri zogwirizana. Chomera chotere chimakula bwino koma sichibereka, monga nyulu, mwana wa bulu ndi kavalo.

Koma nthawi zina selo imalakwitsa pogawika: imakopera ma chromosome onse koma osawagawa pawiri. 24 aja amakhala 48, ndipo tsopano aliyense wapeza mnzake. Chomeracho chayamba kubereka. Chikakwatirana ndi kholo lake, mwana amakhala ndi 24 kuphatikiza 12, omwe ndi 36, ndipo 12 mwa iwo alibe anzawo, motero kubereka kwake kumavuta. Ndiye kuti chomera cha 48 chija chadzipatula chokha kwa makolo ake. Mtundu watsopano wabadwa m'mibadwo yowerengeka chabe. Zimenezi zimatchedwa polyploidy.

Tikudziwa bwanji? Fodya ali ndi ma chromosome 48. DNA yake itawerengedwa, zotsatira n'kusindikizidwa m'chaka cha 2014, zidaonetsa magawo awiri, lina lofanana ndi la sylvestris, lina la tomentosiformis. Akatswiri adayeseranso kukwatitsa mitundu iwiriyi okha n'kupeza chomera chofanana ndi fodya. Ngakhale duwa lenilenilo likuchitira umboni: ndi lapinki, pakati pa loyera ndi lofiirira.

Si fodya yekha. Mtedza womwe umalimidwa kuno uli ndi ma chromosome 40, ochokera ku mitundu iwiri yam'tchire ya 20 uliwonse. Tirigu wa buledi ali ndi 42, ochokera ku makolo atatu. Zomera za maluwa zachita zimenezi kambirimbiri m'mbiri yake. Ma gene akakhala awiriawiri, imodzi imapitiriza ntchito yakale pomwe inzake ili ndi mpata wosintha n'kuyamba ntchito yatsopano.

Maluwa okha si yankho lonse

Wina afunsa kuti, "Nanga chimanga, aphunzitsi? Njuchi sindizo zimachibereketsa." Zoona. Ngayaye ndi maluwa aamuna, ndevu ndi mbali ya maluwa aakazi, ndipo mungu umayenda ndi mphepo. Ndevu iliyonse ikalandira mungu imapereka njere imodzi, n'chifukwa chake chimanga chomera pachokha chimakhala ndi magweru. Banja la udzu, momwe muli chimanga, mpunga, mapira ndi nzimbe, lidabwerera ku mphepo, komabe lili ndi mitundu yoposa 10,000. Choncho pali zifukwa zinanso.

Chimodzi ndi mipope ya madzi. Kwezani tsamba la fodya kudzuwa muone timitsempha tolukana ngati ukonde. Masamba a zomera za maluwa ali ndi timitsempha tothinana kuposa a fern kapena a gulu la paini. Madzi amafika msanga paliponse, tizibowo ta tsamba timatha kukhala chotsegula nthawi yaitali, carbon dioxide amalowa wambiri, chomera n'kukula mofulumira. Njere ya fodya ndi yaing'ono kwambiri moti galamu imodzi imakhala ndi njere zoposa 10,000, koma kuchoka pa nazale, m'miyezi yochepa chabe fodyayo amafika msinkhu wa munthu n'kuberekanso. Paini amafuna zaka. Mibadwo ikamasinthana msanga, kusintha kumathamanganso.

China ndi chipatso. Mbalame, anyani ndi njovu zimadya zipatso n'kukataya njere kutali, komwe chomera chimakumana ndi nthaka ina ndi nyengo ina. Chinanso ndi nkhondo yolimbana ndi tizilombo. Nicotine amapangidwa m'mizu ya fodya n'kukwera kumasamba, ndipo ntchito yake ndi kupha kapena kuthamangitsa tizilombo todya masamba. Ndi poizoni, n'chifukwa chake ena amachita chizungulire ndi nseru akathyola fodya wonyowa ndi mame. Kuwawa kwa tsabola ndi chida cha m'bale wake wa fodya. Chomera chikapeza chida chatsopano chimapuma kwa adani n'kufalikira, mpaka tizilombo tina titaphunzira kuchipirira, mpikisano n'kuyambiranso.

Banja la nyemba lidapeza njira inanso. Zulani mtedza kapena soya muone timatuza pa mizu. M'menemo muli mabakiteriya omwe amatenga nitrogen mumpweya n'kupatsa chomera. Msangu womwe alimi amausiya m'munda ndi wa banja lomweli, ndipo mitengo ya mombo yomwe yadzaza nkhalango ya Kasungu National Park ndi abale ake a mtedza. Tsegulani chikhokhombe cha njere zake muyerekeze ndi cha nyemba, muona.

Zikutikhudza bwanji kuno?

Mgwirizano womwe udachulukitsa maluwa ndi womwewo umatidyetsa. Pafupifupi mitundu 9 pa 10 ya zomera za maluwa zam'tchire imathandizidwa ndi tizilombo, mbalame kapena mileme ponyamula mungu, ndipo mbewu zitatu mwa zinayi zikuluzikulu za chakudya padziko zimapindula nazo. Dzungu lili ndi maluwa aamuna ndi aakazi osiyana. Popanda njuchi, kadzungu kaja kali kunsi kwa duwa lachikazi kamangofota n'kugwa. Mabanja ambiri kuno akuonjezera mpendadzuwa ndi soya pambali pa fodya, ndipo mpendadzuwa umadzaza bwino njere pomwe pali njuchi zambiri.

Koma njuchi zimafuna pogona ndi chakudya cha chaka chonse, osati cha dzinja lokha. Mitengo yachilengedwe yomwe imapita ku zigafa, ku nkhuni zochizira fodya ndi ku makala ndiyo inkazipatsa zimenezo. Mankhwala opopera samasankha kuti iyi ndi nsabwe ya m'masamba, iyi ndi njuchi. Kupopera madzulo njuchi zitabwerera kumng'oma, kupewa kupopera mbewu zili pa maluwa, ndi kusiya mitengo ingapo m'malire a munda ndi zinthu zomwe mungakambirane ndi makolo anu sabata ino. Mtundu womwe udatenga makilomita ambiri a msewu wathu uja kuti upangike ungathe kutha m'masentimita ochepa.

Nayi ntchito ya kumapeto kwa sabata. Thyolani maluwa anayi: la fodya, la tomato, la nyemba ndi la dzungu. Werengani nsonga zake, yezani kutalika kwa kapaipi ndi rula, nunkhizani m'mawa ndi madzulo. Lembani m'kope kuti mukuganiza kuti kasitomala wa duwa lililonse ndani. Kenako khalani pafupi ndi maungu kwa mphindi 15 dzuwa likangotuluka, muwerenge alendo omwe afike, ndipo Lolemba tidzayerekeze manambala athu. Mukagwira fodya musaiwale kusamba m'manja.